Musathyole duwa lachikasu musanaone masamba ake

Ana anga a ku Minnesota, Wisconsin ndi Iowa ku America, tamverani kuno. Chizolowezi chanu chokhamukira m'madambo Meyi akafika, n'kumathyola duwa lililonse lachikasu kuti mujambulitse za pa Facebook, chikundidetsa nkhawa kwambiri.

M'madambo amenewa muli zomera ziwiri zokhala ngati mapasa. Zonse zimachita maluwa ang'onoang'ono achikasu oyanzika ngati ambulera. China ndi golden Alexanders, Zizia aurea, mbadwa ya konkuno, chokonda nthaka yachinyontho. Chinacho ndi wild parsnip, mlendo wochokera ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo chimawotcha. Utomoni wake ukakudontherani pakhungu, dzuwa n'kuwombapo, pakapita tsiku limodzi kapena awiri mumatuluka matuza ngati mwapsa ndi madzi owira. Mdzukulu wanga anabwera nacho m'manja, akuti agogo ndakutengerani maluwa. M'mawa mwake mkono unali psuu, mkucha wake matuza kuyambira pachigongono kutsika. Chipsera chakuda chinakhala miyezi. Makolo ake anali pomwepo mwanayo akuthyola, iwo maso ali pafoni.

Werama, uone masamba, usakhudze. A golden Alexanders amagawika patatupatatu, m'mphepete muli timano tosalala bwino ngati ta sowo. Chomeracho n'chachifupi, sichipitirira masentimita 90, ndipo chimayamba maluwa mu Meyi. Wild parsnip imachedwa, imadzaza mu Juni ndi Julayi, imatalika mpaka mita ndi theka, tsinde lake n'lonenepa lokhala ndi mikwasa kuchokera pansi mpaka pamwamba. Timasamba take timandandalika uku ndi uku pa phesi limodzi, 5 mpaka 15.

Ndiye pali enanu amene munangomva kuti "lachikasu limawotcha," basi mwagwira khasu, mukuzula chilichonse kuseri kwa nyumba. Manyazi bwanji! Mukupha golden Alexanders, chomera chosalakwa chimene njuchi zimadalira maluwa ena asanachuluke, chimene mbozi za gulugufe wa black swallowtail zimadya. Munachipeza pano chimenechi, ndinu alendo ndinu.

Ngati ndi parsnip yeniyeni, valani magolovesi, malaya a manja aatali ndi buluku, muigwire madzulo dzuwa litapepa. Utomoni ukakukhudzani, sambani ndi sopo nthawi yomweyo, pamalopo muphimbe kwa maola 48. Matuza akakula, pitani kuchipatala, musawaboole ndi singano.