Alpine yagawika patatu, koma ogawa katundu tikuwadziwa?

Abale anga a kuno ku Utah County ku America, makamaka inu amene muli ndi ana kusukulu, nkhani ya chisankho cha mabodi a sukulu cha Novembala 2025 ikundisowetsa mtendere. Mu 2024, pomwe tinkakangana zoti Alpine School District igawike kapena ayi, aliyense anali ndi pakamwa. Zikwangwani zinali mbwee pa kapinga wa nyumba za anthu, pa Facebook pankatentha. Lero tikusankha anthu amene agwire mpeni wogawira, koma kuli zii. Ndikafunsa makolo anzanga pamalo podikirira basi yachikasu ija m'mawa kuti akupikisana m'dera lathu ndani, ambiri amangogwedeza mapewa.

Kwa amene nkhaniyi inakudutsani: Alpine ndi chigawo cha masukulu chachikulu kuposa zonse mu Utah, ana ake amapitirira 80,000. Mu Novembala 2024 mizinda ya kumadzulo monga Eagle Mountain ndi Saratoga Springs inavota kuti ipatuke, nayonso mizinda ya pakati monga Lehi, American Fork ndi Highland inachita chimodzimodzi. Mizinda ya kummwera, Orem, Lindon, Pleasant Grove ndi Vineyard, inangotsala yokha, n'kukhala chigawo chachitatu. Zigawo zatsopanozi ziyamba kuyendetsa masukulu pa 1 Julayi 2027.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha anthu a kummwerawo. Mu 2022 anthu a ku Orem anafunsidwa ngati akufuna kuchoka mu Alpine, ndipo anakana ndi mavoti ochuluka zedi. Patangopita zaka ziwiri anapezeka ali paokha popanda kufunsidwa, chifukwa pa voti ya 2024 anavota ndi okhawo amene ankachoka. Ndiye kwa kholo la ku Orem kapena ku Pleasant Grove, chisankho cha bodichi ndiye mpata woyamba woti mawu ake amveke chichitikireni voti ya 2024 ija. Kuutaya mpata umenewu chifukwa chokhumudwa ndi zomwe zinachitika kungakhale kudzipweteka kawiri.

Bodi yoyamba si yofanana ndi mabodi amene adzabwere pambuyo pake. Enawo adzapeza nyumba itamangidwa kale. Awa ndi amene alembe ntchito mkulu woyang'anira masukulu onse, akonze bajeti yoyamba, aike mlingo wa msonkho wa nyumba ndi malo, agwirizane ndi aphunzitsi za malipiro. Koposa zonse, akhale pansi ndi mabodi awiri enawo n'kugawana za Alpine: mabasi, nyumba zosungira katundu, malo amene anagulidwa kuti padzamangidwe sukulu, ndalama za m'thumba, komanso ngongole. Zili ngati kugawa chuma cha masiye. Amene anaonapo zimenezi kumudzi akudziwa kuti wofuula kwambiri pabwalo si amene amateteza ana, amateteza ana ndi uja amene akudziwa kuti malire a munda adutsa pati komanso malemu anasiya ngongole kwa yani.

Utah inadutsamo kale m'njira imeneyi. Mu 2007 mizinda ya kum'mawa kwa Jordan School District, monga Sandy, Draper, Midvale ndi Cottonwood Heights, inavota kuti ipatuke, ndipo Canyons School District inayamba ntchito mu 2009. A kumadzulo sanavote nawo. Kugawana katundu kunavuta mpaka nkhani inakafika kwa oweruza apadera, ndipo Jordan, imene inatsala ndi ana ambiri komanso madera omwe ankakula mofulumira, inalowa m'mavuto aakulu a ndalama. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anthu amene anaphunzitsa kapena kulera ana ku Jordan nthawi imeneyo alipobe, ofuna mipandowa akadapita kukawafunsa.

Chigawo chilichonse chili ndi mtanda wakewake. Kumadzulo nyumba zikuphuka ngati palibe mawa, sukulu ikangotsegulidwa yadzaza kale, ndipo ana ena akuphunzirira m'makalasi ongoimika kuseri kwa sukulu. Kumbukirani kuti mu 2022 anthu anakana kuti Alpine ibwereke madola 595 miliyoni omangira ndi kukonzera masukulu. Vuto lija silinathe, langogawidwa, ndipo bodi ya kumadzulo idzayenera kubwereranso kwa anthu kukapempha. Kummwera nkhani ndi ina: nyumba za sukulu zambiri ndi zakale ndipo ana akuchepa m'madera ena. Sharon Elementary ku Orem ndi Valley View Elementary ku Pleasant Grove anatsekedwa kale. Wofuna mpando kumeneko amene sakufuna kukamba za kutseka masukulu, mwina sanawerenge mapepala, mwina akutibisira.

Ine sindikufuna munthu amene akulimbanabe ndi voti ya 2024, kaya anapambana kaya analuza. Sindikufunanso amene nkhani yake ndi imodzi yokha basi, ya mabuku a mulaibulale kapena ndale za ku Washington. Pa chisankhochi sipalembedwa chipani pafupi ndi dzina la munthu, ndipo ndi bwino choncho. Ndikufuna munthu woti akapatsidwa bajeti ya masamba ambirimbiri aiwerenge mpaka kumapeto, woti angakhale patebulo limodzi ndi a Lehi ndi a Eagle Mountain osawatenga ngati adani, popeza ana athu adzapitirizabe kusewerera limodzi mpira.

Palinso ana amene pogawana chonchi amaiwalika msanga. Mwana wolumala amene basi yapadera imamutenga pakhomo kupita naye kusukulu ya mzinda wina, kodi malire atsopano akadutsa pakati adzapitabe komweko? Mwana amene wangofika kumene m'dziko muno ndipo Chingerezi chikumuvutabe, mphunzitsi womuthandiza adzagwera chigawo chiti? Ana athu ambiri ife obwera ali m'gulu limeneli, ndipo tikapanda kufunsa ife palibe amene adzatifunsire.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa ife sitinakhale nzika, choncho kuvota sitingavote. Komatu misonkhano ya bodi ndi ya aliyense, ndipo pamisonkhano yomwe opikisana amayankha mafunso safunsa pasipoti pakhomo. Msonkho wa nyumba nafenso timalipira, ngakhale a lendi, chifukwa mwini nyumba amauphatikiza momwemo. Inu amene muli nzika, envelopu ya voti imabwera pa positi, musaisiye pakati pa mapepala otsatsa malonda mpaka tsiku lidutse.

Ine funso langa kwa aliyense wofuna mpando m'dera lathu ndi ili: pa ngongole za Alpine, chigawo chathu chisenze gawo lotani, nanga msonkho wathu udzakwera bwanji kuti tilipire? Amene ayankhe ndi manambala ndidzauza anzanga onse ovota dzina lake.