Amene amafalitsa chithunzi cha mnzake ndiye wolakwa

Mwana wa achemwali anga, yemwe analemba mayeso a Fomu 4 chaka chatha, amagulitsa nsapato za kaunjika ngakhale kuti alibe benchi pamsika uliwonse. Amakapikula katundu ku msika wa Tsoka mumzinda wa Lilongwe m'mamawa, amachapa nsapatozo, amazijambula pakhonde kwawo ku Area 25, kenako amaika zithunzizo pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ogula amalipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo wakabaza amakawasiyira katunduyo. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi akuluakulu amene amanena kuti achinyamata angolandidwa mafoni, pakuti zithunzi zomwezi ndi zimene zikudyetsa osoka zovala, oluka tsitsi ndi ophika makeke ambiri mumzinda muno, komanso ndi zimene zimachititsa kuti bambo amene ali pa ganyu ku Johannesburg aone mwana wake atavala gauni tsiku lomaliza maphunziro.

Komabe chithunzi chimaulula zambiri kuposa zimene wojambula ankafuna. Yunifolomu imasonyeza sukulu imene mwana amaphunzira, geti limasonyeza nyumba, ndipo wachinyamata amene wajambula chiphaso chake cha unzika kapena satifiketi yake pofuna kusangalala ndi anzake wapereka dzina lake lonse ndi manambala ake kwa anthu amene sakuwadziwa. Akuba amatenga zithunzi zoterezi n'kutsegulira akaunti yabodza, kenako amayamba kupempha ndalama kwa achibale ponamizira matenda kapena ngozi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya zithunzi zachinsinsi. Mtsikana amatumiza chithunzi kwa chibwenzi chake chifukwa chomukhulupirira, kapena chifukwa chokakamizidwa ndi mawu akuti ngati amamukondadi atumize, ndiyeno chibwenzi chikatha chithunzicho chimasanduka chida chomuopsezera. Ena amadalira njira ya pa WhatsApp yoti chithunzi chioneke kamodzi kokha, kuiwala kuti munthu atha kuchijambula ndi foni ina chisanazimiririke. Madzi akatayika saoleka. Koma zikachitika, mudzi wonse umaloza chala mtsikanayo, aphunzitsi amamuitanira makolo, kutchalitchi amamunena, pomwe mnyamata amene anachitulutsa ndi anthu mazanamazana amene anachitumiza m'magulu akuyenda momasuka ngati sanachite kanthu. Ine ndikuti wolakwa wamkulu ndi amene wafalitsa, ndipo aliyense wa ife amene wadina kuti chipite kwa munthu wina walowa nawo m'mlanduwo.

Malamulo a dziko lino sali chete pa zimenezi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu pa intaneti, ndiponso limaletsa kusunga ndi kufalitsa zithunzi zolaula za ana. Kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense amene sanakwanitse zaka 18, kutanthauza kuti ophunzira ambiri a kusekondale ndi ana pamaso pa lamulo. Facebook nayo salola munthu wosakwana zaka 13 kukhala ndi akaunti, ngakhale kuti ife makolo ndi amene timawatsegulira ana athu powawonjezera zaka, zomwe tiyenera kuzisiya.

Mwezi wathawu, m'gulu lina la pa WhatsApp la anthu a m'dera lathu, bambo wina wamkulu ndithu anatumiza chithunzi cha mtsikana wapasukulu, ati pofuna kuchenjeza makolo. Ndinamulembera pagulu pomwepo kuti achifufute, ndipo ndinamufunsa ngati akanachita zomwezo chikanakhala cha mwana wake. Anachifufuta, koma anthu oposa makumi awiri anali atachiona kale. Madzulo ake ndinakhala pansi ndi ana a m'nyumba mwanga, ndipo ndinawauza kuti wina akadzawaopseza ndi chithunzi asadzatumize ndalama kapena chithunzi china, asadzafufute mauthengawo chifukwa ndiwo umboni, koma adzabwere kwa ine ndipo sindidzawakalipira. Ndinawalembera nambala yaulere ya 116 yothandizira ana, ndipo ndinawalonjeza kuti ku polisi, ku ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit, tidzapitira limodzi.