Eni mabala, fuliji munagulira ndani?

Loweruka madzulo ndinakhala pa bala ina kwathu kuno ku Chilomoni. Sinditchula dzina, mwini wake akudzidziwa. Ndi bala ya ife anthu wamba, amakanika, aphunzitsi, anyamata a kabaza akaweruka. Ndaitanitsa Green. Mtsikana wogulitsa uja wawerama kuseri kwa kauntala, wasolola botolo m'kireti ya pansi, lofunda ngati tiyi wa wodwala. Ndati achemwali, wozizira palibe? Akuti pepani achimwene, abwana ananena kuti mufuliji muzikhala mowa wakunja wokha.

Ndatembenuka kuyang'ana fulijiyo. Heineken mzere wake, Windhoek mzere wake, Corona, Amstel, Savanna, zonse zili ndondondo, thukuta lili kamukamu pa galasi. Ndiye m'bala monsemo palibe ndi mmodzi yemwe amene wagwira botolo la zimenezo. Tonse tikumeza Green ndi Kuche Kuche wofunda, maso ali pa mowa umene ukuzizirira anthu osabwera.

Zandinyansa, ndipo zikundinyansabe.

Musandimve molakwa, sindikudana ndi mowa wakunja. Bala ikukula, mwini wake akufuna kuonjezera mitundu, palibe vuto. Koma mowa umene ukukulipirira lendi ndi umene uyenera kukhala pozizira. Amene amakudyetsa ndi uyu amabwera tsiku ndi tsiku ndi ndalama yake ya Green ziwiri, osati bwana wa m'maloto amene mwina adzaima ndi galimoto lake pa Khirisimasi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Iwe ukunyoza kasitomala amene wakhala pa benchi lako, n'kumasungira malo munthu amene sadziwa ndi komwe kuti bala yako ilipo. Ndi nzeru zimenezo?

Carlsberg anayamba kufululidwa mu Blantyre muno mu 1968, fakitale yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark. A Castel anaigula mu 2016, koma Green ndi Green yemweyo, azigogo athu anamwa, ifenso tikumwa. Lero wasanduka mlendo m'fuliji ya kwawo, akugona pansi pa kauntala pamodzi ndi mopu, malo ake watenga Corona wa ku Mexico amene pa bala imeneyi sindinaonepo munthu akumutsegula.

Kusankha mowa wakunja sikuti uzingotola chilichonse chimene waona pa Facebook kapena ku malo a mabwana ku Bwandilo. Umayamba wayang'ana amene amamwa pako. Ngati azimayi ndi achinyamata akumafunsa Savanna kapena Hunter's, oda katoni imodzi, uone ngati ikuyenda. Ikatha msanga onjezera. Ikakhala, wadziwa. Wa bala ku Mchinji akaika Mosi ndimamumvetsa, anthu a ku Chipata amadutsa pamenepo tsiku lililonse. Ku Mwanza ndi ku Dedza 2M ndi Manica ali ndi anthu ake, madalaivala a mathiraki a ku Tete ndi ku Beira amawadziwa. Ku Karonga ukapeza Safari kapena Kilimanjaro sudabwa, Songwe ali pafupi. Amenewo anasankha poona anthu awo. Nanga iwe wa ku Chilomoni unaona ndani? Unafunsa ndani? Unangofuna kuti odutsa pamsewu azinena kuti pamenepa mpa mabwana, basi. Kudzionetsera chabe.

Ndiye taganizani za mpamba umene wagona m'fulijimo. Mowa wakunja umagulidwa ndi ndalama zakunja, zimene tonse tikudziwa mmene zikusowera, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamwamba pake msonkho wa pachipata. Botolo limodzi mtengo wake munthu amwera Green ziwiri, mwina kuposera. Mabotolo akenso sabwezedwa. Kireti ya Green ikatha umabweza mabotolo n'kutenga ina, ndalama ikuzungulira. Awa akunjawa ukamwa ndi zinyalala, amangounjikana kuseri kwa bala, ana n'kumadzicheka nawo. Ndalama yoti ikanagula makireti angapo oyenda mawa lomwe waimangirira m'mabotolo okongoletsa fuliji. Kenako mwezi ukatha uzidandaula kuti bizinesi yavuta. Yavuta kapena waivutitsa wekha?

Komanso mowa si mwala, umakalamba. Ukakhalitsa umasintha kakomedwe, makamaka wa m'mabotolo oyera aja ukamawombedwa ndi kuwala. Magetsi azima, wafunda, ayaka, wazizira, azimanso, miyezi ikupita. Mnzanga wina tsiku lomwelo anati tiyeni tilaweko za mabwanazi, wagula cider mmodzi. Potembenuza botolo, deti linadutsa kalekale. Kubweza, akuti mwatsegula kale achimwene, abwana akandidula pa malipiro. Mtsikana wosalakwa, wolakwa ali kunyumba akuonera mpira. Munthu walipira mtengo wa mabwana kugula mowa wotha ntchito, pamene mowa umene wafika sabata yomweyi kuchokera kufakitale ku Makata uli pansi ukufunda.

Ndikubwerezanso, poti ena mumamva mochedwa. Fuliji ndi ya mowa umene ukugulidwa. Mashelefu atatu ikani wa anthu anu, imodzi yotsalayo ikani wakunja amene mwaona ndi maso anu kuti akuyenda. Mukafuna kudzaza Heineken ndi Corona gulani fuliji yachiwiri, musatilande yathu. Ife sitinabwere kudzaonerera mabotolo, za kuonerera tili ndi TV kunyumba. Tabwera ndi ndalama yathu ya thukuta, kunja kukutentha, tikufuna Green wozizira. Chovuta n'chiyani pamenepo?

Ndipo poti ndayamba kale, ndalama yooda mowa wa ku Netherlands ndi ku Namibia muli nayo, koma chimbudzi cha pa bala panupo chitseko chinagwa chaka chatha mpaka lero mwangotsamiritsa lata. Babu mulibe, munthu uziunika ndi foni, pansi pali madzi osadziwika kumene achokera. Azimayi amachita kuperekezana, wina aime pakhomo kutchingira mnzake ndi chitenje. Sopo ndiye tisanene. Ukafunsa chenji akuti tilibe, mutenge chingamu. Chingamu ndinaitanitsa ine?