Mafotokope andimaliza

Ndatopa nawo mafotokope ine. Chimalizireni maphunziro a ku yunivesite, ntchito yomwe ndapeza ndi imodzi basi: kukwera kabaza kuchoka kwathu ku Bembeke kukafika pamsewu waukulu, kenako minibasi mpaka pa Dedza boma, kukajambulitsa masatifiketi omweomwewo.

Aliyense akalengeza ntchito amafuna zakezake. Kope ya MSCE, kope ya digiri, chiphaso cha unzika mbali zonse ziwiri, ndiye zonsezo zidindidwe. Ukafika kwa wodindayo, akuti achokapo, mubwere mawa. Mawa lakelo ndi thiransipoti inanso! Envulopu ija ukaitumiza, zii. Ngakhale kauthenga koti talandira, ayi ndithu.

Ena amati lembani pa intaneti. Chabwino, nanga bandulo agule ndani? Kwathu netiweki imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo fomu ikangofika tsamba lomaliza imathawa, uyambirenso dzina la bambo ako.

Koma chondiwawa kwenikweni ndi kamzere kaja koti akufuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka 3. Zakazo ndikazitenge kuti, m'munda wa mbatatesi? Ngongole ya boma yomwe ndinaphunzirira si mphatso, ikundidikira, ndipo ndikufunadi kubweza kuti mng'ono wanga naye adzathandizike.

Dzulo amayi anagulitsa ndowa ziwiri za mbatatesi pa Lizulu n'kundipatsa ndalamazo. Amvekere, "Kajambulitse mwanangu, mwina ulendo uno." Ndinalandira ndi manja awiri, maso ali pansi.