Mayina atatu pa fomu koma eni ake sanakumanepo

Lero ndiye ndapsa mtima, ndipo ndiyankhula.

Mnzanga amene tinayambira limodzi PhD, digiri yapamwamba ya kafukufuku, wandionetsa maimelo awiri m'mawa uno, foni ikuchita kunjenjemera m'manja mwake. Ali ndi komiti ya anthu atatu omuyang'anira. Supavaiza wake wamkulu walemba kuti chaputala 3 cha thesis yake, buku la kafukufuku wake, achigwetse chonse, njira yotolera deta (mfundo za kafukufuku) ndi yolakwika. Wachiwiri, sabata yomweyomweyo, walemba kuti chaputalacho chili bwino, asasinthe ngakhale liwu limodzi. Wachitatu, mlangizi wochokera ku kampani, watha miyezi 7 ali zii. Munthuyu ali m'chaka chachitatu ndipo sikolashipu yatsala pang'ono kutha. Amvere ndani?

Nditamufunsa kuti atatuwa anakumana liti komaliza, anangopukusa mutu. Sanakumanepo. Ngakhale kamodzi! Ngakhale mphindi 30 pa Zoom!

Nanga komiti yotereyi ndi ya chiyani? Inu masupavaiza, mwasaina fomu, dzina lanu lili m'kaundula wa yunivesite, pa CV mwalemba kale kuti mumayang'anira ophunzira a PhD, koma anzanu awiri aja simunakhale nawo pansi. Mwamusandutsa wophunzira mtenga, kutenga mawu a uyu kukatula kwa uyo, kubwerako ndi mkwiyo wa uyo kudzatula kwa uyu. Mapanga awiri avumbwitsa. Iyeyu ali nawo atatu ndipo mvula yonse ikuthera pa iye.

Khalani pansi pamodzi. Nkhani yanga ndi yomweyo basi. Tsiku lomwe komiti ikukhazikitsidwa, onse atatu akhalepo, wophunzira ali pomwepo, agwirizane kuti mawu omaliza pa njira ya kafukufuku ndi a ndani, chaputala chikatumizidwa chizibwera pakatha masabata angati, ndipo azikumana kangati pa chaka. Zilembedwe. Mukasemphana maganizo, kanganani nokhanokha m'chipinda, mutuluke ndi yankho limodzi. Izitu si zachilendo. Mu 2005 mayunivesite a ku Ulaya anagwirizana mfundo 10 za maphunziro a PhD ku Salzburg, mzinda wa ku Austria, ndipo imodzi imati udindo wa wophunzira, wa supavaiza, wa yunivesite ndi wa ena olowapo ugawidwe momveka bwino pa mgwirizano. Ina imati digiriyi izitenga zaka 3 kapena 4. Zaka zimenezo zingakwane bwanji munthu akulemba chaputala chimodzi katatu?

Inde, maprofesa ntchito yawachulukira, tikudziwa. Ndiye kanani! Wakana ndi wabwino kuposa wovomera n'kusowa.

Ndipo inu a ku kampani, timakufunani zedi. Ndinu amene mumadziwa ngati zimene tikuyesa mu labu zingagwire ntchito pa makina enieni, ndinu muli ndi deta imene ife sitingaipeze kwina. Koma ambiri amakuikani pa komiti kuti pempho la ndalama lioneke lokongola, inu osauzidwa n'komwe kuti ntchito yanu ndi yotani. Kenako mumadzatulukira kumapeto, munthu atatha zaka akukhetsa thukuta, n'kunena kuti deta iyi ndi chinsinsi cha kampani, thesis itsekeredwe, pepala lisasindikizidwe mpaka maloya athu aone. Munali kuti chaka choyamba? Bwanji simunanene tsiku lomwe munkasaina lija?

Mnzanga uja wapita kukalembanso chaputala 3. Sakudziwa kuti akulembera ndani.