Kapepala ka marandi 500 kamene kandimanga zaka khumi

Ndili kuno kumudzi ku Bangula kwa masabata awiri, ndinabwera kudzazonda amayi, koma chifikireni pakhomo sipakutha anyamata. Dzuwa likangopendeka akumabwera mmodzimmodzi, wina mwana wa alongo anga, wina wa aneba, ndipo funso lawo ndi limodzi: "Amalume, ku Joni tiyenda bwanji? Basi ya pa Wenela ndi zingati?" Ndikumawauza za basi, za pa Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Sindingawaletse, paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo thonje ndi mapira sizikusunganso munthu kuno. Koma ndikayamba nkhani imene ikundidya mumtima, maso awo akumakhala pa nsapato zanga ndi pa foni. N'chifukwa chake ndati ndiilembe, mwina wina aimva.

Munali mu June chaka cha 2017, Lachisanu madzulo. Ndinkachita lendi kachipinda kakuseri kwa nyumba ina ku Johannesburg, mabanja asanu mpanda umodzi, mpopi umodzi. Mnyamata wina wakomweko anatola foni yanga pawindo pomwe ndinkaitchaja. Nditamufunsa anayamba kunditukwana, kunditchula kwerekwere pamaso pa anthu. Mtima unandiwira, ndinamukankha, anagwera pa ndowa n'kusupuka pachigongono. Kukankhako ndinalakwa, sindikana. Apolisi atabwera sanafunse za foni. Anatenga ine.

Inu a ku Chigwa mukudziwa kuti ife kuzizira sitinakuzolowere. Usiku umenewo ndinagona pa simenti ya m'chitokosi ndi kabulangete kamodzi konunkha mkodzo, mano akuguguda mpaka kucha. Asananditsekere anandipaka inki yakuda n'kundidinda zala zonse khumi papepala, chala chimodzichimodzi, wapolisi atandigwira pamkono. M'mawa mwake wina anabwera pachitseko n'kunena kuti: "Ulipire 500 uzipita kwanu, apo ayi udikira khoti Lolemba." Lolembalo ndimayenera kukhala pantchito yosamalira maluwa kwa bwana wosamva za zifukwa. Mnzanga wa ku Ngabu anathamanga ndi ndalama, anandipatsa cholembera, ndinasaina pomwe anandilozera, ndinatuluka ndikuthokoza Mulungu.

Palibe anandiuza kuti kapepalako n'kachiyani. Palibe! Ine ndinkayesa belo. Chikhalirecho kanali kamene iwo amati admission of guilt fine, ndipo kali m'lamulo lawo loyendetsera milandu la 1977, Criminal Procedure Act. Belo ndi chikole, umapita kukhoti, mlandu ukatha ndalama imabwerera. Koma iyi ukalipira ndiye kuti wavomera mlandu, ndipo lamulo limakuwerenga ngati munthu amene khoti lamupeza wolakwa, ngakhale sunaonepo nkhope ya majisitireti. Zala zija anadinda zimapita ku Pretoria pamodzi ndi dzina lako ndi mlandu wako, n'kukakhala mu kompyuta.

Kwathu kuno nkhani yotere tikanakhala pansi pa mtengo wa nimu kwa anyakwawa. Aliyense akanafotokoza mbali yake, za foni zikanamveka, za kutukwana zikanamveka, ine ndikanalipa nkhuku kapena mbuzi chifukwa cha chigongono chija, tikanagwirana chanza, mawa lake n'kukumana kudimba ngati palibe chinachitika. Akuluakulu akamati mlandu suwola amanena mlandu wosazengedwa. Wanga ndinalipira, koma mpaka lero sunathe, ndipo mbali yanga palibe anaimva.

Pafupifupi zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa ndili chete, osadziwa kanthu. Kenako mu March 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Nyumba ya amayi inagwa, iwo n'kukakhala pamsasa pasukulu ndi zidzukulu, ufa wolandira. Ndinati basi, za maluwa sizingamange nyumba. Laisensi ndinali nayo, ndipo kampani ina yonyamula katundu inkafuna dalaivala. Mafunso ndinayankha bwino, galimoto ndinayendetsa akuona, mkulu wake anandigwira chanza. Kunatsala kanthu kamodzi. Mayi wina anandisainitsa fomu yovomera kuti andifufuze, n'kundiuza kuti ndiike zala pa kagalasi kowala ka makina ochepa ngati sopo. Ndinaika mosaopa, ndinkaopa chiyani? Patapita masiku anandiimbira foni: "Pepani, muli ndi rekodi ya assault, mlandu womenya munthu." Ndinatsutsa kuti sindinaimepo mukhoti chibadwire. Anati iwo amangoona zimene makina atulutsa.

Tsiku limenelo ndinakhala pabedi mpaka mdima osayatsa getsi. Amayi ndinali nditawauza kale kuti malata akubwera.

Ndiye unayambika ulendo wofuna kuona ndi maso anga chimene analemba pa dzina langa. Kupolisi kumene ndinagona anati zakale chonchi ndikafunse kukhoti. Kukhoti anati ndibweretse nambala ya mlandu. Nambalayo inali pa kalisiti kaja, ndipo kalisitiko ndinakataya kalekale posamuka, poti ndani amasunga lisiti la tsiku la manyazi? Ndinabwerera kupolisi, anati amene amaona zimenezo sanabwere. Tsiku lililonse lotere ndi tsiku lodulidwa malipiro, kuwonjezapo ya teksi. Ukamalankhula akangomva kuti lilime si lakomweko, nkhope imasintha, ndipo mayankho amafupika.

Amene anandiunikira ndi mayi wina wa kutchalitchi, wa ku Chikwawa, amene wakhala kumeneko zaka zambiri. Anati, "Achimwene, musadzivute ndi makaunta. Pemphani Police Clearance Certificate." Njira yake ndi iyi: umapita kupolisi ina iliyonse ndi pasipoti ndi kope lake, umalipira ndalama yoikika n'kulandira lisiti, amakudinda zala pa fomu yotchedwa SAPS 91(a), ndipo zonsezo zimatumizidwa ku Criminal Record Centre ku Pretoria. Umadikira masabata. Setifiketiyo ikatuluka imanena ngati uli ndi mlandu umene unapezeka nawo wolakwa kapena ayi, ndipo ambiri oifuna saivomera ikapitirira miyezi isanu ndi umodzi. Yanga itabwera ndinaiwerenga nditaima panja. Tsiku, mlandu, chindapusa, zonse zinalipo, mizere yochepa chabe.

Apa ndinadziwanso china chimene anyamata athu ayenera kumva. Mbiri ya milandu kumeneko saifufuza ndi dzina lokha, amaifufuza ndi zala. Sungangolowa muofesi n'kupempha mbiri ya mnzako, ndipo bwana naye amayenera kukusainitsa kaye. Koma kumbali inayi, amene amaganiza kuti akasintha dzina kapena kupeza mapepala ena ndiye kuti athawa, akudzinamiza. Zala n'zomwezo unabadwa nazo ku Nsanje. Ndipo si mabwana okha amene amafuna setifiketiyi. Popempha ziphaso zambiri zokhalira kapena zogwirira ntchito amaifunanso, nthawi zina pamodzi ndi ya kwathu, imene imachokera kulikulu la polisi ku Area 30 ku Lilongwe. Talingalirani munthu wa ku Marka kapena ku Makhanga, ali ku Joni, akutuma m'bale wake kukwera mapiri a Thabwa kulondola pepala limodzi.

Chimene chimandipweteka kuposa zonse si wapolisi uja. Ndi dobadoba, mnzathu weniweni, woyankhula Chisena ngati ine, amene tinkadya naye nsima ya mlamba wouma wotumizidwa kuchokera kuno. Atamva vuto langa anati ali ndi munthu wake mkati amene amafufuta mayina. Ndinampatsa marandi 3,000, ndalama ya malata a amayi. Sabata yoyamba anati zikuyenda. Yachiwiri anati bwana wake ali patchuthi. Yachitatu nambala inasiya kugwira. Munthu wakwanu, wodziwa kuti mayi ako akugona m'kalasi, n'kukudyera pamenepo! Ndikamuganiza mpaka lero chakudya sichilowa.

Kufufuta kulipo ndithu, koma si kwa pakona. Amati expungement, ndipo kuli m'gawo 271B la lamulo lomwe lija. Ngati chilango chinali chindapusa chosapitirira marandi 20,000, umadikira zaka khumi kuchokera tsiku limene unapezeka wolakwa, osapalamulanso mlandu wokulowetsa m'ndende, kenako umatenga setifiketi yatsopano, n'kudzaza fomu J744, n'kutumiza ku dipatimenti ya zachilungamo ku Pretoria. Pempholo salipiritsa. Njira ina ndi yokadandaula ku High Court kuti sunauzidwe zotsatira za kusaina, ndipo makhoti anathetsapo milandu ina pa chifukwa chimenechi. Koma kumeneko n'kwa maloya, ndipo ndalama ya loya munthu wothirira maluwa aitenga kuti?

Zaka khumi chifukwa cha chigongono chosupuka. Amene anaba foni akuyenda ndi dzina loyera. Ine ndikaona ntchito yabwino ndimayamba ndafunsa ngati amaika zala pa kagalasi, akati eya ndimabwerera pageti pomwepo. Zanga zikwana mu June 2027, ndipo fomuyo ndinaisindikiza kale, ili mupulasitiki limodzi ndi pasipoti.

Nyumba ya amayi tinaimanga ndi njerwa zootcha mpaka pamwamba pa mawindo, denga likadali la udzu ndi pulasitiki, ndipo mvula ili pafupi. Mwana wa alongo anga akunyamuka Lachinayi. Dzulo usiku ndinamukhazika pamkeka, ndinamulembera papepala mawu anayi aja a Chingerezi, admission of guilt fine, ndi nambala yanga, n'kumuuza kuti akadzangowaona papepala la apolisi asagwire cholembera asanandiimbire, ngakhale atagona m'chitokosi mpaka Lolemba. Anapinda pepalalo, analiika mupasipoti, n'kundifunsa ngati jekete langa lija ndimusiyira.