Gulu losokoneza anthu mitu silibwera litavala nsalu zofiira

Dzulo usiku timaonera filimu ya ku Nigeria kunyumba, zija zoti munthu watopa ndi umphawi nde mnzake akumutengera ku gulu lachinsinsi, kufika kumeneko anthu avala nsalu zofiira ndi zakuda, makandulo mbwee, chigaza patebulo, mtsogoleri akulankhula ndi mawu ngati akuchokera mu mgolo. Mlamu wanga anangoti "ine zimenezi sangandikole nazo, kungoona nsaluzo ndaliyatsa liwiro." Mawu amenewa andisowetsa tulo abale.

Chifukwa akunena zoona, aliyense angathawe. Nde vuto lili pomwepo. Mafilimu atizoloweza kuti gulu loopsa limaoneka loopsa kuyambira pakhomo. Ngakhale azungu ndi chimodzimodzi, Midsommar ija ya 2019 angosintha mtundu wa nsalu, anthu avala zoyera ndi maluwa kumutu kumudzi wina ku Sweden, koma iwe woonera sipatenga nthawi wadziwa kale kuti apa pali imfa, umangokalipira TV kuti thawani inu! Ukamaliza umadzimva wochenjera, nkumaona ngati amene amakodwa ndi anthu opepera.

Koma taonani Jim Jones mmene anayambira. Mpingo wake wa Peoples Temple unayamba ku Indianapolis m'zaka za m'ma 1950, nthawi yoti ku America wakuda ndi mzungu kukhala benchi limodzi m'tchalitchi zinali zosowa, iye amawakhazika limodzi. Amadyetsa osauka, anali ndi nyumba zosungirako okalamba, iye ndi mkazi wake anatenga mwana wachikuda nkumulera ngati wawo. Atasamukira ku California andale amamufuna, mpaka mu 1976 meya wa San Francisco anamuika mu komiti yoona za nyumba mu mzindamo. Tandiuzeni, mayi wachikuda wokalamba amene wanyozedwa moyo wake wonse, wapeza malo amene akumutcha mayi, akumupatsa chakudya ndi pogona, nde athawe chani? Zolanda anthu mapasipoti, zomvera mawu ake pa chimkuzamawu usana ndi usiku, zoyeserera kumwa poizoni kuti aone amene ali wokhulupirika, zonsezo zinabwera pambuyo anthu atapereka kale nyumba ndi ndalama zawo, ambiri atawasamutsira kale m'nkhalango ya dziko la Guyana ku South America kopanda kothawira. Pa 18 November 1978 anthu oposa 900 anafa, ana okha pafupifupi 300, ndipo phungu wa ku America Leo Ryan amene anapita kukaona zomwe zimachitika anawomberedwa pabwalo la ndege tsiku lomwelo. Anthu amakumbukira tsiku limodzi limeneli, koma zaka zoposa 20 zomanga chikhulupiriro pang'onopang'ono zija kamera siizifuna chifukwa sizoopsa kuziona.

Kuno ku Africa tazionanso. Ku Kanungu ku Uganda, pa 17 March 2000, anthu mazanamazana anapsera m'tchalitchi chokhomedwa zitseko ndi mawindo, gulu la Joseph Kibwetere ndi Credonia Mwerinde, anthu anali atagulitsa katundu wawo poti anauzidwa kuti dziko likutha. Ku Shakahola ku Kenya mu 2023 anafukula mitembo yoposa 400, anthu amene akuti anauzidwa kusala kudya mpaka akakumane ndi Yesu. Paul Mackenzie amene anaimbidwa mlanduwu sanali wovala zigaza m'khosi ayi, anali dalaivala wa taxi amene anayambitsa mpingo ku Malindi, amavala bwinobwino nkumalalikira pa TV ndi pa YouTube ngati mlaliki wina aliyense. Anayamba ndi zoti sukulu ndi chipatala ndi zadziko. Kunkhalango anthu anapita pambuyo.

Ine nkhaniyi imandiwawa chifukwa inalowa m'banja mwathu. Mayi anga aang'ono atamwalira amuna awo, achibale akuchimuna anatenga pafupifupi chilichonse, ife tinapepesa maliro nkubwerera ku ntchito zathu. Amene anatsala nawo anali azimayi a kagulu kena ka mapemphero, sinditchula dzina. Amabwera ndi ufa, shuga, sopo, kuwachapira, kukhala nawo mpaka madzulo. Kunena chilungamo zimene anachita azimayi aja ife sitinachite. Kenako anayamba kupita ku mapemphero a usiku, kenako kuphiri, ife nkumati bola akupeza chitonthozo. Patapita miyezi mtsogoleri wawo anawauza kuti waona m'masomphenya kuti imfa ya amuna awo inachokera kwa wachibale wamkazi, sanatchule dzina, anangowasiya aganize okha. Basi mayi anga ondibereka akaimba foni, iwo anasiya kuyankha. Mankhwala a BP anasiya ati ndi kusakhulupirira. Makina osokera amene amadyera anagulitsa kuti abzale mbewu. Chilichonse, kaya ulendo wa kumudzi kaya kugula mbuzi, amayamba afunsa kaye kwa "adadi".

Palibe tsiku limene mungaloze kuti apa ndi pamene anawasokoneza mutu. Palibe mankhwala amene anawadyetsa, ngakhale kumudzi anthu amati anawaika m'botolo. Kanali kachinthu kakang'ono lero, kena mwezi wamawa, ndipo kalikonse pakokha kamaoneka kabwinobwino.

Nde china chimene mafilimu anatiphunzitsa molakwika ndi mapulumutsidwe ake. Mufilimu m'bale amathyola chitseko, kumugwedeza munthuyo, kumuuza kuti dzuka akukunamiza, iye nkulira nkutuluka. Ife tinachitadi zimenezo. Tinapita gulu, amalume patsogolo, tinawauza kuti mwapusa, munthu wamkulu ngati inu mukupusitsidwa ndi kamnyamata. Sitinadziwe kuti mtsogoleri uja anali atawauza kale kuti abale anu adzabwera kudzakunyozani chifukwa mdima umadana ndi kuwala. Tsiku limenelo ulosi wake tinaukwaniritsa ndife, ndi pakamwa pathu. Anatitsekera chitseko chaka chathunthu.

Filimu imodzi yokha imene ndinaona kuti yayandikira zoona ndi Martha Marcy May Marlene ya 2011. Imayamba mtsikana akuthawa pagulu lija nkuimbira foni mkulu wake, kutanthauza kuti imayambira pamene mafilimu ena amathera. Mtsogoleri wake ndi munthu wofatsa, woimba gitala, anangomuuza tsiku loyamba kuti iwe ukuoneka ngati Marcy May, dzina nkusintha pomwepo, mtsikanayo nkumva ngati kwa nthawi yoyamba wina wamuona. Ali kunyumba kwa mkulu wake thupi lili pamtendere koma mutu ukadali konkuja, sakutha kufotokoza zimene zinamuchitikira, mkulu wakeyo ndi mwamuna wake akutopa naye. Ndinaonera ndekha ndipo ndinalira, chifukwa mkulu wotopayo ndinali ine.

Sindikunena kuti mpingo uliwonse kapena m'busa aliyense ndi wotero ayi, ine ndemwe ndimapemphera ndipo sindisiya. Komanso sindikuti opanga mafilimu asiye kutiopseza, ndi malonda awo. Koma ndikanakonda opanga mafilimu athu kuno, amene akudziwa mmene maliro amathera anthu nkubalalika, atapanga imodzi yoti theka lonse loyamba woonera azilikonda gululo, aziti koma anthu awa ndi achikondi bwanji, mwinanso azilakalaka atalowa nawo. Aone thumba la ufa lija likulowa m'nyumba mmene mulibe kanthu. Akafika poti munthu wasiya kuyankha foni ya mchemwali wake, woonerayo asathe kuloza pamene zinakhotera.

Mayi aang'ono anatuluka patatha zaka zitatu, osati chifukwa cha ife. Anagwa ndi BP, a gulu lija anati ndi chilango cha kukayika, palibe anabwera kuchipatala. Amene anagona pansi pa bedi lawo masiku onsewo ndi mayi anga, omwe aja amatchedwa mfiti, ndipo sanawafunse funso ngakhale limodzi. Pano ali kwathu, tinasonkherana nkuwagulira makina ena. Koma mpaka lero nambala yachilendo ikaimba amanjenjemera, ndipo sabata yatha anandifunsa ine, mwana amene anandibereka kumsana, ngati ndingawalole kupita ku ukwati wa mnzawo ku Dedza.